Mbiri ya Madzi a Bua: Ng'ombe za Kumtunda ndi Mpasa wa Kunsi

Abale a m'mipingo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, m'mwezi wa Okutobala caka ca 2024, dzuwa liri paliwombo, tinapeza anthu alikukangana pa dambo lina la kuno kwa Kabudula. Madzi anali atatsala pa dziwe limodzi lokha. Amai anadza ndi ndowa zao, eni madimba anadza ndi makeni ndi pampu yopalasa ndi mapazi, ndipo anyamata obusa anafika ndi ng'ombe za makola awiri, nazilowetsa m'madzimo kufikira m'mimba. Pamene mau anakula, mnyamata wina wokonda kumvera wailesi anati kuli dziko lina kutsidya kwa nyanja zamcere kumene Boma linaletsa eni ng'ombe kupatutsa madzi a mumtsinje m'caka ca cirala, kuti nsomba zipeze pokwera. Anthu onse anaseka, nati, Kodi nsomba ikoka ngolo? Ifenso tinaseka nao. Koma pobwerera kwathu tinakumbukira kuti dambo lomwelo litsira madzi ace m'Bua, ndi kuti m'Bua muli nsomba yotere, imene ikwera kucokera ku nyanja kudzaikira mazira. Ndipo kuseka kwathu kunacepa. Cifukwa cace tafuna kulemba mbiri ya madzi amenewa, ndi ya malamulo amene anaikidwa pa iwo, kuti mukaiwerenge pamodzi ndi ana ndi akuru omwe.

Tiyambe ndi njira ya madzi, pakuti ana ambiri adziwa maina a mitsinje ya ku Ulaya, koma sadziwa kumene apita madzi a kuseri kwa sukulu yao. Mtsinje wa Bua ucokera ku mapiri a kumadzulo, cakumalire, nulandira Namitete ndi madzi a madambo athu ambiri, nulandiranso Rusa, nuyenda pakati pa Kasungu ndi Dowa. Pambuyo pace utsika m'miyala ndi m'zigwa za nkhalango ya Nkhotakota, nugwera m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota, utayenda makilomita oposa 200. Madzi a abale athu a ku Mpingu apita njira yina: alowa m'Lilongwe, ndipo Lilongwe atsira m'Linthipe, amene afika ku nyanja ca ku Salima. Koma taonani, Linthipe nayenso ndiye mtsinje wa nsomba yomweyi. Kotero kuli konse kumene munthu wa dziko lino ataya madzi, kunsi kwace kuli mpasa.

Aphunzitsi asamale kuti ana asasokoneze mpasa ndi mphasa yogonapo, pakuti kuno ambiri sanaione nsombayi ndi maso. Ife tidziwa milamba ndi matemba a m'madambo. Mpasa ndi nsomba yaitali, yonyezimira ngati siliva, ya pfuko limodzi ndi sanjika, nchila ndi usipa, ndipo yaikuru ifika makilogalamu 4. Ipezeka m'Nyanja ya Malawi yokha ndi m'mitsinje yotsira m'menemo. Ikakula ikhala pakati pa nyanja, nisaka usipa. Koma siiikira mazira m'nyanja iai. Mvula ikamapita kumapeto, nsombazi zisonkhana ku mathiriro a mitsinje, nizikwera molimbana ndi madzi, kufikira zitapeza malo osaya, a nsangalabwi zoyera, pamene madzi ayenda msanga. Ndipo pamenepo ziikira mazira m'miyezi ya malimwe, kuyambira ca mu Meyi kufikira ca mu Okutobala. Mazira agwera m'mipata ya timiyala, ndipo madzi oyenda awapatsa mpweya. Matope akatseka mipatayo, mazira apfa asanaswe. Madzi akacepa, nsangalabwi zitsala pamtunda, ndipo nsomba zazikuru zipanikizidwa m'maiwe, m'mene munthu wa mkondo kapena wa katupe azitha tsiku limodzi. Tsono zindikirani cinthu ici, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa: miyezi imene mpasa afuna madzi oyera ndi oyenda ndiyo miyezi yomweyo imene ng'ombe zathu zitsikira ku dziwe lotsiriza, ndi imene tithirira madimba ndi nazale za fodya.

Mmodzi wa Azungu oyamba kulemba za nsombayi ndiye Dr David Livingstone, amene anafika pa nyanja mu 1859, nayendanso pamenepo ndi bwato mu 1861 pamodzi ndi Dr John Kirk. M'buku limene analemba ndi mbale wace Charles, lotuluka mu 1865, anasimba kuti anaona mpasa, kapena sanjika, irikukwera mitsinje monga icita nsomba ya kwao yochedwa salmon, ndi kuti sanadye nsomba yina yokoma koposa iyi m'Afrika. Anasimbanso za mabiyo ochinga mitsinje, okhala ndi mipata yambiri, ndi mono pa mpata uli wonse. Kirk anatumiza nsomba ku London, ndipo Albert Günther anailemba m'mabuku a akatswiri mu 1864. Azungu aicha salmon ya m'nyanja kufikira lero, cinkana nsomba ziwirizi siziri pacibale. Zifanana makhalidwe okha.

Biyo silinali la munthu ali yense. Linali ndi mwini wace, ndipo mfumu ya malowo inali ndi mau pa kumanga kwace ndi pa nsomba zogwidwa. Ndiponso linali la mitengo ndi bango, kotero kuti madzi akadzaza linathyoka, ndipo nsomba zoyamba zinapita. Ili ndilo lamulo loyamba la mtsinje, losalembedwa, ndipo theka lace analisunga ndi madzi eni ace.

Nanga kumtunda kuno kunali kotani masiku amenewo? Livingstone yemweyo anapita pa cigwa cathu cakumapeto kwa 1866, nafika kumene Bua ayambira, napeza anthu osula zitsulo, ndi midzi yokhala ndi mantha a nkhondo. Makolo athu a nthawi imeneyo anakhala m'malinga ndi m'mapiri cifukwa ca Angoni, ndipo munthu wokhala ndi ng'ombe zambiri anali ngati woitana nkhondo pakhomo pace. Ng'ombe zinali zowerengeka, minda inali pafupi ndi linga, ndipo magombe a mitsinje anali ndi mikuyu, katope, bango ndi nsenjere. Tisadzinyenge kunena kuti madzi anali oyera cifukwa makolo anaposa ife nzeru m'zonse. Nzeru anali nazo, ndipo maiwe ena ndi misitu ina anaiopa, monga dziwe la ku Msinja kwa Makewana. Koma cimene cinasunga magombe koposa ndico kucepa kwa anthu ndi kuopa mikondo. Mpasa anakula pa mabvuto a agogo athu.

Nkhondo zinatha pamene Azungu anagonjetsa Gomani mu 1896 ndi Mpezeni mu 1898. Anthu anaturuka m'malinga, namanga midzi m'mphepete mwa madambo, ndipo makola anayamba kudzaza. Mwambo wa kubusa umene tiudziwa unakhazikika: dzinja ng'ombe zidya ku dambo popeza minda iri ndi mbeu, masika zilowa m'minda kudya mapesi, ndipo malimwe zibwerera ku dambo kufuna madzi ndi msipu wophuka pa lupsya.

Pamenepo panadza fodya. Mu 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba kulimitsa fodya wa cikopa m'dziko la Lilongwe, ku Mbabvi, pafupi ndi ife pomwe, nagawira anthu mbeu, nagula masamba ao. M'zaka zowerengeka alimi anaculuka kufikira zikwi zambiri, ndipo mu 1926 Boma linakhazika bungwe loyang'anira fodya wa anthu akuda, la Native Tobacco Board. Sitinyoza fodya ameneyu: anapereka msonkho, anabveka ana, anagula njinga ndi ng'ombe, ndipo ambiri a ife tinaphunzira ndi ndalama zace. Koma cikopa cifuna nkhuni zofukizira ndi mitengo ya zigafa caka ndi caka. Ndipo nazale ifuna madzi m'mawa ndi madzulo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, cifukwa cace aiika pa gombe penipeni, atasadza mitengo ndi kuocha udzu. Kuyambira pamenepo madzi oyamba a dzinja anayamba kutsika ofiira.

Kunsi nako anthu ena anayamba kuwerenga nsomba. Mu 1939 Kate Ricardo, H. J. H. Borley ndi Ethelwynn Trewavas anafufuza za usodzi wa pa nyanja, ndipo zolemba zao zinaturuka mu 1942. Pambuyo pao Rosemary Lowe anagwira nchito yomweyo kuyambira 1945 kufikira 1947. Masiku amenewo nchila, imenenso ikwera mitsinje, inali mwa nsomba zogwidwa zambiri koposa pa nyanja yonse. Lero mwana wa ku Salima akhoza kukula osaiona. Inacepa koopsa m'zaka za m'ma 1960 ndi pambuyo pace, cifukwa ca maukonde a nailoni ochera pa mathiriro, ndi cifukwa ca matope okwirira malo ace oswanirana. Tichula nchila kuti wina asanene kuti nsomba ya m'nyanja yaikuru cotere siingathe.

Lamulo laciwiri linadza ndi Boma la Azungu, ndipo pano tifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti akuru ena akali moyo amene alikumbukira. Mu 1946 anaika lamulo losunga nthaka, madzi ndi mitengo. Mu 1948 kunadza Bwanamkubwa Geoffrey Colby, ndipo dzinja lomwelo mvula inadula, nikugwa njala ya 1949, imene inasautsa koposa anthu a ku Blantyre ndi maiko a kumwera. Colby ataona njalayo analimbitsa malamulo a malimidwe: kuti anthu alime mizere yopingasa mtsetse m'malo mwa matutu, akumbe milambala, asalime pa magombe a mitsinje, ndipo asaoche chire cisawawa. Tikayang'ana mau a malamulowo lero, ambiri anali oona; mpasa akadakhala ndi pakamwa akadawabvomereza. Koma anadza ndi akapitao, ndi cindapusa, ndi ndende, ndipo mbeu za munthu zinazulidwa iye alikuona. Munthu anauzidwa kuti acoke pa gombe, osauzidwa kumene akapeze ndiwo za malimwe. Kotero mau akuti malimidwe anasanduka mau owawa. Mu 1953, pokana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu anauza anthu ace kuti aleke kumvera malamulo amenewa, ndipo Boma linamcotsa pa ufumu. Kuyambira pamenepo kulima pa gombe kunakhala ngati cizindikiro ca kufuna ufulu. Ndipo pamene atsogoleri akuda analowa m'Boma pambuyo pa cisankho ca 1961, kukakamiza kunalekeka. Anthu anakondwa, ndipo anayenera kukondwa. Koma pamodzi ndi cikoti anataya ndi lamulo la gombe lomwe, limene linalibe cifukwa.

Cinthu cimodzi ca masiku amenewo cinathandiza mpasa, cinkana sanacicitire iye. Nkhalango ya Nkhotakota inapatulidwa mu 1938, nikhala malo osungira nyama mu 1954, ndipo ukuru wace ndi makilomita 1,800 m'bwalo lace lonse. Anthu amene makolo ao anakhala m'menemo anataya malo ao, ndipo ici siciri copepuka. Koma popeza Bua apita pakati pa nkhalangoyo, magombe ace a kumeneko sanalimidwe, ndipo nsangalabwi zinatsala. Ndico cifukwa cace Bua akali mwa mitsinje yowerengeka m'mene mpasa aswana, pamodzi ndi North Rukuru ku Karonga ndi ina yocepa. Koma nkhalango isunga magombe okha, madzi siiwalenga. Madzi onse opita m'menemo ayamba apita pa makomo athu.

Dziko litalandira ufulu, mu 1968 inayamba nchito yaikuru yotukula ulimi m'dziko la Lilongwe ndi ndalama za World Bank. Akuru a ku Nsaru ndi ku Nambuma akumbukira makina okumba ngalande zopatutsa madzi, miseu yatsopano, misika, mijigo, ndi kulembetsa minda m'dzina la ndunda. Pa kulembetsako madambo sanagawidwe kwa mabanja. Anatsala a mudzi wonse, kuti ng'ombe zidyepo. Mu 1969 kunaikidwa lamulo la madzi, ndi mu 1973 lamulo la nsomba, limene linakonzedwanso mu 1997, ndipo liletsa kupha nsomba ndi mankhwala onga katupe. Ili ndilo lamulo lacitatu, la m'mabuku a Boma lathu. Koma mwa zonse za zaka zimenezo, cimene cinacotsa mapazi ambiri pa dziwe si buku iai, koma mjigo. Pakuti mai amene ali ndi madzi oyera pakati pa mudzi safunanso kuuzidwa kuti asatunge ku dambo.

Ndipo kunadza cirala ca 1992, cimene cinaumitsa zitsime zosauma ndi kale lonse; ndi njala ya 2002, imene inagwa kolimba pa cigawo cathu ca pakati, pamene anthu anagulitsa ng'ombe pa mtengo wa thumba la cimanga, nadya mizu ndi gaga. Pambuyo pa njalayo Boma ndi mabungwe anagawa mapampu opalasa ndi mapazi, nalimbikitsa anthu kulima kawiri pa caka. Ndani angatsutse munthu amene anaika mwana m'manda cifukwa ca njala, akapita ndi khasu ku dambo? Ife sititsutsa. Koma tinene cimene cinacitika: madambo amene anasiyidwira ng'ombe anadzala madimba ndi mipanda, ndipo ng'ombe zinatsala ndi kanjira kamodzi kopita ku madzi. Ziboda mazana zikapita pa kanjira kamodzi tsiku ndi tsiku, udzu upfa, ndipo mvula yoyamba ikumba cigwembe. Cigwembe cikakula cimwa madzi a dambo, nicitengera dothi ku mtsinje. Pa dziwe pomwe ziboda zigumula gombe, ndipo ndowe ndi matope zisanganizika ndi madzi amene ana adzamwa.

Pano aphunzitsi apatse ana samu iyi, pakuti itsegula maso. Ng'ombe yaikuru m'mwezi wotentha imwa ngati malita 40 pa tsiku, ndizo ndowa ziwiri. Ekala imodzi ya cimanga cothirira, m'mwezi womwewo, ifuna ngati malita 20,000 pa tsiku, ndizo ndowa 1,000. Tsono ekala imodzi imwa madzi a ng'ombe 500. Cifukwa cace amene anena kuti ng'ombe ndizo zitha mtsinje alakwa. Pakamwa pa ng'ombe sipaononga zambiri, koma mapazi ace ndiwo aononga. Ndipo amene anena kuti dimba liribe mlandu popeza liri laling'ono alakwanso. Khasu ndi pampu zicepsa madzi, nkhwangwa ndi ziboda ziwadetsa. Mpasa afuna kuti akhale ambiri ndi oyera pamodzi.

Tsono tibwerere ku mau a mnyamata uja, pakuti tinawafunsitsa, ndipo ali oona. M'dziko la California, ku America, muli mtsinje waukuru wa Klamath, ndi iwiri yotsira m'menemo, Scott ndi Shasta, m'mene salmon ikwera kucokera ku nyanja yamcere m'miyezi imene madzi acepa. Anthu a mitundu ya Karuk ndi Yurok, eni dziko akale, akhala akudya nsombayi ciyambire makolo ao. Ndipo m'zigwa za kumtunda muli alimi a ng'ombe ndi a udzu wothirira. Mu Seputembala 2002 nsomba zazikuru zoposa 30,000 zinafera m'Klamath, madzi atacepa ndi kutentha. Pa cirala ca 2021, m'mwezi wa Ogasiti, bungwe la Boma loyang'anira madzi linaika muyeso wa madzi amene ayenera kutsala m'Scott ndi m'Shasta mwezi uli wonse, nililamula kuti madzi akatsika kupyola muyesowo, opatutsa aleke. Za ng'ombe linalamula mocenjera. Silinati ng'ombe zisamwe. Alimi a kumeneko anazolowera kumwetsa ng'ombe mwa kupatutsa madzi m'ngalande zazitali za dothi, m'mene madzi ambiri alowa pansi asanafike pa ng'ombe. Tsono lamulo linaletsa kumwetsa kotayitsa madzi kotere m'miyezi ya kukwera kwa nsomba, kuti amwetse ndi mipopi, zitsime ndi zomwera.

Koma musayese kuti kumeneko anthu anamvera mwacete. Mu Ogasiti 2022 eni ng'ombe ena a ku Shasta, poona maiwe ao auma, anatsegula mapampu ao masiku ngati a sabata limodzi, ndipo madzi a mtsinje anatsika koposa theka. Cindapusa cao cinali madola 4,000 onse pamodzi, ndiwo ngati madola 50 munthu mmodzi. Ndipo mu 2024 aphungu a dzikolo anakweza zindapusa zotere. Caka comweco anatsiriza kugumula madamu anai a pa Klamath, ndipo nsomba zinaoneka kumtunda kumene sizinafike zaka zoposa 100. Tikawerenga mbiri iyi tiona nkhope zimene tizidziwa: mwini ng'ombe wakuti, Kodi ziweto zanga zife cifukwa ca nsomba? ndi msodzi wa kunsi wakuti, Nanga ana anga adye ciani? Kusiyana kwace ndi uku, kuti wa ku California anauzidwa njira yina yomwetsera, ndipo wa kwathu m'masiku a Colby anauzidwa mau amodzi okha, Coka.

Kwathu kuno nthawi ya kugawa madzi inafika kale, cinkana siinafike m'dzina la nsomba. Mu 2013 kunaikidwa lamulo latsopano la madzi, limene lifuna kuti wopatutsa madzi ambiri atenge cilolezo, koma lisiya madzi a pa nyumba kuti munthu atunge mwaufulu. Mu 2016, mvula itabvuta dzinja lonse, Mtsogoleri Peter Mutharika analengeza m'mwezi wa Epulo kuti dziko liri pa ngozi, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anasowa cakudya. Madamu a Kamuzu ku Malingunde anatsika, ndipo anthu a mumzinda wa Lilongwe analandira madzi a m'mipopi mosinthana masiku. Pa 23 Marichi 2024 Mtsogoleri Lazarus Chakwera analengezanso ngozi yotere m'maboma 23 mwa 28. Ku Nkhotakota, kuyambira 2015, bungwe la African Parks linatenga udindo wosunga nkhalango pamodzi ndi Boma, nilimanga mpanda, nilibweretsa njobvu ngati 500 mu 2016 ndi 2017, ndipo alonda ace ayendera Bua kuletsa maukonde ndi katupe. Koma mlonda wa mfuti sangaimitse matope. Ayang'ana madzi alikudza ofiira kucokera kumadzulo, ndipo alibe pogwira.

Ife tiganiza kuti zirala zikapitirira kubwera pafupipafupi monga zacitira m'zaka izi, tsiku lidzafika lakuti wina adzaika muyeso pa Bua, nadzafunsa za mapampu athu ndi za pomwera ng'ombe zathu. Tingakonde kuti potero adze ndi simenti ndi mipopi asanadze ndi buku la zindapusa, pakuti dziko lino linayesa kale njira ya cindapusa, ndipo taona kumene inathera. Ndiponso tingakonde kuti ayambe ndi minda yaikuru yothirira, asanafike kwa mai wamasiye wa keni imodzi.

Mlandu wa pa dambo lija unapita kwa mfumu ya mudzi, ndipo anaukamba masiku awiri pansi pa mkuyu. Anagamula kuti ng'ombe zimwere malo amodzi okha, kumunsi kwa dziwe, ndipo anyamata ayalepo miyala kuti ziboda zisamire. Kuti amai atunge kumtunda. Ndi kuti pampu igwire nchito tsiku limodzi, nipumule linzace. Anagamulanso kuti eni ng'ombe asonkhe njerwa ndi matumba awiri a simenti, amange comwera kumunsi kwa mjigo, kumene madzi otayika anali kupanga thope lokhalokha. Eni madimba anadandaula kuti tomato wao adzafota, ndipo wina anafotadi. Mwini khola lalikuru koposa anakana kusonkha, namwetsa ng'ombe zace usiku kumtunda kwa dziwe, kufikira mapazi ace anamuulula, nalipira nkhuku ziwiri. Comweraco cinang'ambika sabata yoyamba, popeza mmisiri anaculukitsa mcenga, ndipo anacimatanso.

Pa mlandu wonsewo panalibe munthu anachula mpasa, pakuti ao anali kulimbirana madzi a mawa lace. Koma pomwazikana, mkuru wina wa imvi, amene pa unyamata wace anadula nzimbe ku Dwangwa, anatiimitsa panjira, nati anamva kuti tinali kufunsa za nsomba ya m'Bua. Anati anaidya kamodzi kokha, yowamba, pa ukwati wa mnzace wa kunyanja, ndipo mafuta ace anatsala m'manja kufikira madzulo. Anatifunsa ngati ikalipo. Tinamuuza kuti ikalipo m'nkhalango ya Nkhotakota, koma yacepa. Ndipo iye anagwedeza mutu, natenga ndodo yace, natsata ng'ombe zace ziwiri kunka ku mjigo.